Mlandu wopanda mwini ndi ngamila ya ku Cairo

Mphekesera yoyamba inali yakuti wamangidwa. Inabadwira pa Katete Stores, pomwe anyamata a njinga amadikirira anthu otsika mabasi a ku Lusaka, ndipo dzuwa lisanapendeke inali itafika kale ku Boma ndi pachipata cha St Francis. Ati mwana wamkazi wa mayi uja wosoka mayunifomu, yemwe akuphunzira zamalamulo ku Lusaka, ali kukhoti, ndipo khoti lake n'lakunja kwa dziko. Wina anati am'peza ndi mankhwala ozunguza bongo pabwalo la ndeke. Wina anati ayi, n'zachibwenzi ndi mwamuna wa mwini. Amayi a Chigwirizano anayamba kufunsana ngati n'koyenera kukapepesa tsiku lomwelo, kapena kudikira kaye kuti chigamulo chimveke.

Mayi wake anafuna kuzimitsa motowo poonetsa chithunzi cha pafoni, koma anangousonkhezera. Mwana wavala suti yakuda, waima pakagome, ndipo kutsogolo kwake kwakhala anthu atatu a nkhope zosaseka, aliyense cholembera kumanja. "Mwaona? Ndi ameneyo akuyankha mlandu," anatero mayi wogulitsa vitumbuwa, uku akupukusa mutu mwachisoni chokoma. Panafunika mphunzitsi wina wopuma ntchito, amene amawerenga nyuzipepala ngakhale yadzana, kuti afotokoze kuti mwanayo sanalakwire munthu, wangopita ku Cairo kumpikisano. Apo m'pamene mnyamata wina wa njinga analumpha: "Cairo ndinafikako ine, amdala. Kuli mabanki ndi positi yaikulu, ukangotuluka pa Intercity n'kuyenda pang'ono." Iye ankanena Cairo Road. Sitingamuseke kwambiri, poti msewu umenewo unatchedwa dzina la mzinda womwewo, m'masiku amene Angerezi ankalota msewu wochokera ku Cape kukafika ku Egypt.

Zoona zake n'zakuti kumapeto kwa July chaka cha 2022, pa British University in Egypt, kunja kwa mzinda wa Cairo, panasonkhana ophunzira zamalamulo ochokera m'mayunivesite a mu Africa. Mpikisano wake umatchedwa Christof Heyns African Human Rights Moot Court Competition, ndipo amaukonza ndi a Centre for Human Rights a ku University of Pretoria. Unayamba mu 1992 ku Harare uli wa maiko a kum'mwera kuno okha, kenako unakula, ndipo umasamukasamuka dziko ndi dziko. Dzina la Heyns analiikapo atamwalira mu 2021 pulofesa wa ku South Africa amene anali mmodzi wa ouyambitsa. Mu 2015 unachitikira pa UNZA pompa, ndipo kuno palibe amene anaulabadira, poti kunalibe ngamila.

Kachitidwe kake n'kotere. Aphunzitsi amapeka dziko lomwe silili pamapu, n'kulipatsa pulezidenti, apolisi, ndende ndi anthu olira kuti boma lawapondereza. Yunivesite iliyonse imatumiza ophunzira awiri, makamaka mnyamata ndi mtsikana. Amalemba mfundo zawo, n'kukaima pamaso pa oweruza ngati kuti ali kukhoti la Africa loona za ufulu wa anthu, lomwe lili ku Arusha m'dziko la Tanzania. Woweruza amatha kukudula mawu ali m'kamwa n'kukufunsa kuti zimenezo wazitenga m'ndime iti ya pangano la 1981 la ufulu wa anthu a mu Africa, wotchi ikuyenda. Ena amalankhula Chingerezi, ena Chifalansa, ena Chipwitikizi. Izi zitamveka ku Chanida, wosintha ndalama wina anati akanamuuza msanga akanapita kukamasulira, poti Chipwitikizi chake chatulutsapo kale anthu ambiri m'manja mwa apolisi a ku Cassacatiza.

Kufotokoza kwa mphunzitsi uja kunatonthoza mayi wa mwana, koma kunakwiyitsa nduna ina ya mfumu imene yakhala ikuzenga milandu pansi pa mtengo kwa zaka zambiri. Inafunsa mafunso atatu, ndipo palibe amene anayankha mokhutiritsa. Wodandaula ndani? Palibe. Mboni zinachokera kuti? Kunalibe. Nanga woluza analipa chiyani, mbuzi kapena nkhuku? Sanalipe kanthu, anangopatsidwa satifiketi. Nduna inatulutsa kabotolo ka fodya wa mphuno, n'kufwenkha kawiri. "Ine pabwalo panga pali mlandu wa malire a munda umene unayamba abale awiri ali anyamata, lero onse ali ndi imvi. Pali wa ng'ombe zinadya soya. Pali wa mimba itatu. Milandu yeniyeni ili mbwee kuno, anthu n'kumakwera ndeke kukakangana za dziko la m'maloto?" Wina anayesa kunena kuti ndi maphunziro chabe. Nduna inati mlandu suwola, koma uwu sunabadwe n'komwe.

Ku Sinda nkhani inafika ndi thiraki ya ogula soya, ndipo kumeneko chimene chinawawa anthu n'china. Anamva kuti pampikisanowu gulu lililonse limaimira mbali zonse ziwiri: m'mawa umalira m'malo mwa oponderezedwa, madzulo umavala nkhope ina n'kuteteza boma lomwe unalinyoza m'mawa. Mkulu wa mpingo wina wa ku Nyanje anati uku n'kuphunzitsa ana bodza ndi ndalama za makolo. "Munthu akhale ndi pakamwa pamodzi," anatero ali pachigayo, thumba la mgaiwa lili pakaliyala. Wometa wa pamsika anatsutsa. Anati andale athu amachita zomwezo popanda sukulu: mu 2021 chisankho chisanachitike anali ndi chitenje chobiriwira, lero ali ndi chofiira, ndipo palibe anawapatsa satifiketi. Mnyamata wina amene anaphunzira ku Chassa anawonjezera kuti iwo kusukulu ankachita mtsutso wotere Lachisanu lililonse, ndipo palibe amene anasanduka wakuba chifukwa cha zimenezo, kupatula mmodzi.

Ine pamenepa ndili kumbali ya wometa, ngakhale chifukwa changa n'china. Mwa zonse zimene mwanayu anakachita ku Egypt, kuimira mbali ziwiriku ndiko kwanzeru. Taonani nkhoswe yabwino. Isanapite kukakumana ndi akuchimuna, imayamba yakhala pansi n'kudzifunsa kuti iwo akanena chiyani za mwana wathu, ndipo pa zimenezo zoona n'ziti. Nkhoswe imene imangodziwa mbali ya kwawo ndi imene imathetsa maukwati. Milandu yambiri imene imatidyera mbuzi ndi ndalama za basi kuno ikanatha pakhonde, wina akanakhala ndi luso lonena bwinobwino dandaulo la mdani wake asananene lake. Mkulu wa mpingo uja sanagonje, koma anavomera kuti pamsonkhano wa akulu ampingo luso limeneli limasowa.

Koma tinene zoona, za khoti zinatha msanga. Chimene chagwira tauni mpaka lero ndi zithunzi za tsiku lokaona malo. Choyamba n'cha ngamila. Mwana wakhala pamwamba pa chinyama cha khosi lalitali, wavala thalauzi, wamanga nsalu kumutu, kumbuyo kwake kuli mapiramidi a ku Giza. Chithunzichi chayenda pa WhatsApp kuposa cha phungu. Anyamata a mpira atamva mawu oti Pyramids anaganiza kuti anakaonera timu ya ku Cairo ya dzina limenelo, ndipo anafunsa ngati anaona bwalo la Zamalek, kumene Emmanuel Mayuka anakasewerako. Atauzidwa kuti n'za miyala, chidwi chawo chinathera pomwepo.

Anyamata a njinga okha ndiwo anamvetsera mpaka kumapeto, chifukwa cha zimene mwanayo anasimba atabwera. Ati mwini ngamila anatchula mtengo wochepa wokwerera. Chinyama chinagwada, iye n'kukwera, chinyama n'kudzuka miyendo yakumbuyo poyamba moti anatsala pang'ono kugwa chamutu. Atajambulitsa n'kunena kuti basi nditsike, mwini ngamila anati kutsika kuli ndi mtengo wake, ndipo unali woposa wokwerera. Wophunzira zamalamulo, amene dzulo lake anatsutsana ndi mapulofesa, analipira ali m'mwamba osanena liwu. Pa Stores anaseka mpaka misozi, kenako anakhala chete n'kuyamba kuganiza. Mmodzi anati vuto la njinga n'lakuti ndi yaifupi, kasitomala amangotsitsa mwendo.

Kutchalitchi mkangano unali woti anamanga mapiramidi ndani. Ambiri anati ndi ana a Israeli, Farao akuwakwapula. Mphunzitsi wopuma uja anakumbutsa anthu kuti Baibulo limanena za njerwa ndi udzu, pomwe piramidi yaikulu ya mfumu Khufu ndi ya miyala yosema, yoposa mamiliyoni awiri, ndipo inamangidwa zaka pafupifupi 4,500 zapitazo, kale kwambiri nthawi imene anthu amaikapo nkhani ya Mose isanafike. Pafupi pake anafukulanso manda a antchito ake, eni dziko omwe. Mlaliki sanakondwe, chifukwa ulaliki wa Lamulungu unali utalembedwa kale. Agogo ena aamuna anafunsa kutalika kwake. Atauzidwa kuti inali ya mamita 146 isanaphwanyike nsonga, anayang'ana phiri la Mphangwe n'kunena kuti ili ndi lalitali kuposa pamenepo, ndipo palibe mzungu amene anabwerapo kudzalijambula.

Nkhani imene inatsala pang'ono kugawa banja ndi ya mitembo. Mwana anasimba, mosaganiza bwino, kuti analowa m'nyumba yosungiramo zakale ku Fustat, kumene mu April 2021 boma la Egypt linasamutsira mitembo 22 ya mafumu ndi mafumukazi akale, ndi magalimoto okongoletsedwa ndi ng'oma. Anati anaona nkhope ya Ramses II, mphuno yokhota, tsitsi likadalipo. Ambuya ake anasiya kusenda nthochi.

"Mwati munalowa kumanda?"

"Si manda, ambuya. Ndi nyumba yabwino, muli magetsi ndi mphepo yozizira."

"Muli anthu akufa?"

"Alimo."

"Ndiye ndi manda. Anakulolani ndani? Mfumu ya kumeneko inadziwa?"

"Tinagula matikiti."

Ambuya anaitana mayi wa mwanayo n'kufunsa ngati ndalama za soya za chaka chatha zinapita kukagula tikiti yoonera maliro a eni. Kwathu kuno manda salowa wamba. Amalowa adzukulu, ndipo amalowa mfumu itavomera. Chigamulo cha ambuya chinali chakuti mwana asambe asanagwire mbale ya munthu aliyense, ngakhale kuti panali patapita masiku ndipo anali atasamba kale m'hotela. Apilu inakanidwa. Amayi a pamsika nawo anagawanika: ena anati Aigupto alibe ulemu, ena anati bola iwo akufa awo amabweretsa ndalama, athu amangotidyera ufa ndi nkhuni.

Ku Vubwi, kwawo kwa amalume ake, nkhani inachedwa chifukwa cha msewu ndi netiweki, ndipo itafika inasankhidwa mosamala. Anyamata okumba golide anafuna kumva chinthu chimodzi basi: chigoba cha kumaso cha mfumu Tutankhamun, chimene mwanayo anachiona m'bokosi la galasi mkati mwa Cairo. Atamva kuti n'cha golide wolemera makilo oposa 10, anthu amene amasefa mchenga sabata yathunthu kuti apeze kochepa kokwana pachikhadabo anakhala chete nthawi yaitali. Kenako wina anafunsa, mwaulemu ndithu, kuti alonda ake amagona nthawi yanji.

Akuluakulu a kumeneko anafunsa funso lanzeru kuposa onse a m'tauni. Anati khoti la ku Arusha limene ana akuyeserera, lenilenilo munthu wamba angafikeko? Yankho la mwanayo linawadabwitsa. Munthu payekha angakasumire boma lake kumeneko pokhapokha ngati bomalo linasaina kalata yapadera yovomera zimenezo. Malawi anasaina mu 2008. Zambia sanasaine. Bambo wina amene dimba lake lili mphepete mwa malire anafunsa kawiri kuti amvetse. "Ndiye kuti alamu anga a ku Mchinji, amene timatunga nawo madzi pachitsime chimodzi, angapite ku Arusha kukasumira boma lawo, ine ayi?" Anauzidwa kuti ndi momwemo, bola atayamba atha makhoti onse a kwawo. Anati chabwino, milandu yake azidzaitumiza kudzera mwa alamuwo.

Kumeneko kuseka kunachepa mwana atatchula milandu imene ophunzira a maiko ena amaiwerenga pokonzekera, yomwe ili ndi dzina la Zambia pachikuto. Mu 1994 boma linathamangitsira ku Malawi andale awiri a UNIP, William Banda ndi John Chinula, ponena kuti si Azambia. A Chinula anamwalirira konko. Bungwe la Africa loona za ufulu wa anthu, lomwe limakhala ku Banjul m'dziko la Gambia, linagamula mu 1999 kuti Zambia inalakwa. Mu 2001 linagamulanso kuti lamulo la 1996 lofuna kuti wopikisana pa upulezidenti akhale wa makolo onse awiri amene ndi Azambia chibadwire, lija linatsekereza a Kenneth Kaunda, linali latsankho. Kwa munthu wa ku Lusaka izi ndi mbiri. Kwa munthu wa kwa Pembamoyo, amene mayi ake anabadwira tsidya lina la mtsinje ndipo ana ake ena amaphunzira sukulu ya dziko lina chifukwa ndiyo ili pafupi, funso loti kodi ndiwe wa kuti limatha kumugwera tsiku lililonse pofuna chitupa. Amalume aja anapempha mphwawo kuti abwerezenso zaka zija, n'kuzilemba kuseri kwa khadi la feteleza.

Funso loti analipira ulendowu ndani nalonso silinagone. Popeza mu 2022 ndalama za chitukuko cha m'madera, za CDF, zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni, chilichonse chonyezimira m'tauni muno anthu ankati n'cha CDF, kuyambira malata a khansala mpaka wigi ya mkazi wake. Ndiye ena anati mlatho wa kwawo wasanduka tikiti ya ndeke. Mayi wa mwana analumbira kuti sukulu ndiyo inalipira, iwo anangogula suti ya salaula ndi nsapato, ndipo sutiyo anaichepetsa okha pamakina. Anthu anakhulupirira za suti, chifukwa ambiri anaiona ili pawaya.

Ndiye pali a zaukwati, amene sasowa. Azakhali ena akuti chimalo chakwera, mwana wokwera ndeke ndi ngamila sangapite pamtengo wa mwana wa giredi 9. Anyamata akuti ngakhale atatsitsa, iwo ayi: mkazi amene anaphunzira kuimira mbali zonse ziwiri udzakangana naye bwanji? Adzanena mbali yake, n'kunenanso yako bwino kuposa iwe, kenako n'kuigwetsa. Mayi wogulitsa vitumbuwa uja, amene poyamba anali ndi chisoni chachikulu, tsopano akuuza aliyense kuti anam'lera ndi iye, ndipo mwana wake wamwamuna ali ndi thiraki.

Kodi anapambana? Limeneli ndi funso limene anthu anafunsa pomalizira penipeni, ena sanafunse n'komwe. Sanafike kumapeto. Anabwera ndi satifiketi, kapiramidi ka pulasitiki, manambala a anzake a ku Ghana ndi ku Mozambique, ndi chizolowezi chatsopano choyamba chiganizo chilichonse ndi mawu oti "mwaulemu". Kwa ine n'zokwanira kwa mwana amene anaphunzira kuwerenga ndi nyali ya mabatire kuseri kwa makina osokera. Tauni inagamula mosiyana: popeza pachithunzi china wanyamula pepala ndipo akumwetulira, anawina, ndipo anawina Aluya kwawo komwe.

Chotsatira chake n'chakuti pakhomo pa mayi wosoka uja tsopano pamakhala mzere, ndipo si wa mayunifomu. Anthu omwe aja ankaseka mlandu wabodza akubwera ndi yeniyeni, m'mapepala apulasitiki a shuga: masamoni, makalata a munda, mapangano a ngongole olembedwa pakope, chithunzi cha ng'ombe yosowa. Nduna ija inatumiza kapaso kudzafunsa ngati mwanayo angabwere kudzamvako mlandu wa malire uja, kungomvako chabe. Wina anabwera ndi nkhuku. Wina akufuna am'perekeze kukhoti la lokolo Lachiwiri, atavala suti ya pachithunzi ija, kuti apongozi ake akaope.

Abale anga a ku Katete, Sinda ndi Vubwi, musiyeni mwana apume, mwambo wa Kulamba ukatha abwerere kusukulu. Sanakhale loya. Watsala ndi chaka ku yunivesite, kenako akalowe kusukulu ya maloya ya ZIALE, kumene mayeso ake amagwetsa anthu ambiri amene anakhoza bwino digiri. Ndipo ngakhale atadzavala mkanjo, lamulo sililola loya kuimira munthu m'khoti la lokolo pa milandu ngati yanuyi. Kumeneko mudzadzilankhulira nokha ngati kale. Amene muli ndi mlandu waukulu ndipo mulibe ndalama, ofesi ya Legal Aid Board ili ku Chipata. Nkhuku zija mukatenge.